Mafoni a mu ofesi okhomedwa: mafunso amene timafunsidwa kawirikawiri kuno ku Chipata

Ntchito yathu ndi kukoka mawaya a netiweki ndi kuika mafoni m'maofesi, m'maloji, m'makiliniki ndi m'masukulu kuno ku Chipata, ku Zambia, ndipo nthawi zina timafika ku Katete, Petauke, Lundazi ndi Mfuwe. Mafunso ali m'munsiwa ndi amene eni mabizinesi amatifunsa mobwerezabwereza, makamaka tsiku limene azindikira kuti makina amene anagula ndi ndalama zawo sakuwalola kusintha ngakhale dzina loonekera pa foni ya patebulo. Amene mukuidziwa kale PBX mukhoza kudumpha mafunso awiri oyamba.

Kodi PBX n'chiyani, ndipo tikuifuniranji pamene aliyense ali ndi foni m'thumba?

PBX ndi makina amene amalandira mafoni obwera pa nambala ya kampani n'kuwagawira anthu a m'kati. Munthu akaimba, imalira ku risepishoni, ndipo wa ku risepishoni amam'pereka kwa a akaunti pa 102 kapena kwa osunga katundu pa 105. Antchito amaimbirana okhaokha osadya talktime. Kale anali makina aakulu a mawaya a mkuwa. Lero ndi kakompyuta kokhala m'kabati imodzi ndi rauta, ndipo mawu amayenda pa waya womwewo wa netiweki.

Shopu ya anthu atatu siikufunika PBX. Foni imodzi ya pakauntala ndi WhatsApp n'zokwanira, musalole munthu akunamizeni. Koma loji, kiliniki, kapena kampani yogula mbewu yokhala ndi madepoti ku Chadiza ndi ku Lundazi, nkhani yake ndi ina. Kasitomala akazolowera nambala ya munthu m'malo mwa nambala ya kampani, tsiku limene munthuyo asiye ntchito makasitomala amam'tsatira.

Asterisk imene mumaitchulatchulayi ndi chiyani?

Ndi pulogalamu imene imasandutsa kompyuta wamba kukhala PBX. Anailemba ndi Mark Spencer mu 1999 m'chigawo cha Alabama ku America. Anali ndi kampani yaing'ono yothandiza anthu ogwiritsa ntchito Linux (pulogalamu yoyendetsa kompyuta, yonga Windows), anafuna makina a mafoni a mu ofesi, mtengo unam'kulira, ndiye anangodzilembera yekha. Atatero anaiika poyera kuti aliyense aitenge, aiwerenge m'kati, aisinthe, aigawirenso anzake. Mapulogalamu otere ndi amene amatchedwa open source. Kampani yake inadzakhala Digium, ndipo mu 2018 inagulidwa ndi Sangoma ya ku Canada.

Asterisk payokha ilibe mabatani oti mudine. Mumaiuza zochita polemba m'mafayilo, ndipo imeneyo ndi ntchito ya katswiri. N'chifukwa chake anthu ena anailembera zovala pamwamba, masamba oti munthu atsegule pa browser n'kuonjezera extension (nambala ya m'kati, monga 102 ija) podzaza fomu. Yodziwika kwambiri ndi FreePBX, imene ili m'manja mwa Sangoma kuyambira 2015. Palinso FreeSWITCH, pulogalamu ina yogwira ntchito yonga ya Asterisk, imene inatuluka mu 2006, ndi chovala chake FusionPBX. Mabokosi ambiri a PBX amene akugulitsidwa m'mashopu a zamakompyuta ku Lusaka ndi ku Lilongwe ali ndi imodzi mwa mapulogalamu amenewa m'mimba, ngakhale kunja kwa bokosi kwalembedwa dzina lina.

Nanga mukati bokosi n'lokhomedwa, loko wake ali pati?

Anthu ambiri amaganiza kuti ndi loko mmodzi, password basi. Ayi, amakhoma malo angapo, ndipo ena simuwaona mpaka tsiku limene mukufuna kuchoka.

Loko woyamba ndi wa password ya mwini makina. Inu amakupatsani yolowera pa tsamba loona amene waimba ndi kumvetsera mauthenga, koma ya admin, ndi ija ya root yolowera m'kati mwenimweni mwa Linux, imakhala ndi woikayo kapena ndi kampani yopanga bokosi. Zili ngati mwagula nyumba, mwalipira zonse, koma womanga wapita ndi kiyi wa chipinda chimene muli mita ya malaiti. Fyuzi ikapsa mudikire iyeyo.

Wachiwiri ndi laisensi. Asterisk siiwerengera kuti muli ndi anthu angati. Malire ake ndi mphamvu ya kompyuta basi. Koma wopanga bokosi amaika malire akeake: maextension 20, mafoni asanu okha nthawi imodzi, kujambula mawu kulipira padera, lipoti la amene sanayankhe foni kulipiranso padera. Makina ndi omwewo, mphamvu ali nayo, chikusowa ndi nambala yachinsinsi imene amakutumizirani mukalipira. Kawirikawiri mtengo wake umakhala wa madola, ndiye kwacha ikagwa bajeti yanu imagwa nayo.

Wachitatu ali pa mafoni a patebulo enieniwo, ndipo tam'fotokoza pa funso la mafoni ogula kale. Wachinayi ndi nambala imene makasitomala akuidziwa. Onani funso la nambala ya 0216.

Palinso loko wina wachete amene amapweteka kuposa onsewa: backup imene imatsegulidwa ndi bokosi la mtundu womwewo lokha. Mumagona mtima uli m'malo kuti zonse mwasunga, koma bokosi likapsa ndi mphezi m'mwezi wa December, fayilo ija siingalowe kwina kulikonse. Mumakakamizika kugulanso kwa yemweyo, pa mtengo umene iye wanena.

Kodi si kuba kugulitsa chinthu chimene mwini wake anapereka ulere?

Si kuba. Asterisk imayendera laisensi yotchedwa GPL, imene anayambitsa Richard Stallman mu 1989, ndipo laisensi imeneyi imalola kugulitsa. Chimene imalamula n'chakuti wogulitsayo, akakupatsani pulogalamu, akupatseninso source code yake, kutanthauza malemba amene pulogalamuyo inapangidwira, pamodzi ndi zonse zimene wasinthamo, kapena akupatseni lonjezo lolemba, lokhala zaka zitatu, lakuti mukaipempha adzakupatsani.

Koma pali mipata, ndipo opanga mabokosi amaidziwa bwino. Asterisk ndi mtima wa Linux zili pa GPL yachiwiri ya mu 1991. Imeneyi siinena kuti wogulitsa akupatseni password ya root, siinenanso kuti bokosi lake livomere pulogalamu imene inu mwasintha. Source code mukhoza kukhala nayo pa flash, koma bokosi n'kumakukanirani kuilowetsa. GPL yachitatu ya mu 2007 inayesa kutseka mpata umenewu anthu atadandaula ndi makina ojambula za pa TV a kampani ya TiVo ku America, koma gawo limenelo linalunjika pa katundu wa anthu wamba m'nyumba, ndiponso Asterisk ndi Linux sizinasamukireko.

Mpata wina ndi wakuti eni Asterisk amagulitsanso laisensi yamalonda kwa makampani amene safuna kuonetsa zimene asintha. Winanso ndi wa masamba oyendetsera makina: ngati kampani yalemba yokha, padera, ikhoza kuwabisa. Ndipo ngati PBX yanu ili pa cloud, palibe pulogalamu imene akupatsani m'manja, mukungobwereka makina a eni, ndiye GPL siiwakakamiza kukupatsani kanthu.

Ife sitiona cholakwa kuti munthu adye thukuta lake. Kupanga bokosi lolimba, kuliyesa, kuyankha foni usiku likavuta, zonsezi ndi ntchito ndipo ziyenera malipiro. Chimene chimatiwawa ndi wogulitsa amene amauza kasitomala kuti "awa ndi a open source, simudzamangika," akudziwa kuti makiyi onse asunga iye.

Ndingadziwe bwanji kuti bokosi lathu lili ndi Asterisk m'kati?

Onani masamba omaliza a kabuku kake kapena malo olembedwa za malaisensi pa tsamba loyendetsera. Mukaona GPL ndi Asterisk, mwapeza. Mabokosi a Grandstream a mtundu wa UCM, a Yeastar a MyPBX ndi S-Series, ndi Switchvox ya Sangoma, onsewa anamangidwa pa Asterisk. PBX ya 3CX ayi, imeneyo ndi yotseka kuyambira pachiyambi ndipo eni ake sabisa.

Njira ina ndi ya khutu. Imbirani extension imene palibe woyankha. Mukamva mayi wolankhula Chingelezi cha ku America akukuuzani kuti munthuyo palibe, musiye uthenga, nthawi zambiri amakhala Allison Smith wa ku Canada, amene mawu ake amabwera ndi Asterisk. Pa FreePBX ndi abale ake, mukadina *65 imakuuzani nambala ya extension yanu, *43 imakubwezerani mawu anu omwe, *97 imatsegula mauthenga.

Ndiye kuti kukhoma n'koipa nthawi zonse?

Ayi. Kiliniki ya kumudzi imene ilibe munthu wa makompyuta imapindula ndi bokosi limene palibe angaligwiregwire. Taonapo makina otseguka ataonongedwa ndi mphwake wa abwana amene anaonera vidiyo pa YouTube n'kuyamba kusintha zinthu Loweruka masana. Bokosi lokhomedwa la kampani yodalirika limalandira maupdate oyesedwa kale, limadya malaiti ochepa, lilibe fani yokoka fumbi la mu October, ndipo likavuta mumadziwa woti mum'funse.

Funso lenileni si lakuti kodi pali loko, koma kiyi ali ndi ndani. Ngati ali mu envulopu yomata mu sefa ya abwana, ndipo mmisiri amagwiritsa ntchito akaunti yakeyake imene mukhoza kuitseka tsiku lililonse, palibe vuto. Ngati ali m'mutu mwa munthu mmodzi wokhala makilomita oposa 500 kuchokera pano, muli pa ngozi ngakhale munthuyo akhale wabwino mtima chotani. Anthu amadwala, amasamuka, amasintha ntchito.

Amene anatiikira makina anapita ndi password ndipo sakuyankha foni. Titani?

Funso limeneli ndi limene limatibweretsera anthu ambiri. Tinaitanidwapo ku ofesi ina yogulitsa feteleza ndi mbewu, nthawi yake ndendende imene alimi ayamba kuimba kufunsa mitengo. Amayi a ku risepishoni anali atamata kapepala ndi selotepi pa foni: "Mukafuna a akaunti dinani dzina la a manijala akale. Mukafuna a manijala dinani Store." Anthu anasinthana maofesi kalekale, ena anamwalira, koma maina pa mafoni anali omwe aja a tsiku loika. Uthenga wolandira alendo unkatchulabe maola akale otsegulira. "Bambo, ine ndinazolowera," anatero amayiwo, "koma mlendo akakhala pampando pano tsiku limodzi amalira." Woika anali wa kampani ina ya ku Lusaka imene inatsekedwa, ndipo panalibe pepala lililonse lolembapo password.

Choyamba, musadine kabatani ka reset kumbuyo kwa bokosi. Kamatsegula inde, koma kamafufuta zonse: maextension, malamulo oimbira, mauthenga ojambula, ndi zinsinsi zolumikizira kwa okupatsani laini. Taona ofesi itakhala masiku opanda foni chifukwa cha kabatani kameneka.

Chachiwiri, fufuzani invoisi ndi risiti. Ngati ndi bokosi la kampani yodziwika, wogulitsa wamkulu wa mtundu umenewo akhoza kukuthandizani mukaonetsa umboni wakuti ndi lanu pamodzi ndi serial number. Ngati ndi FreePBX kapena Issabel (chovala china cha Asterisk) pa kompyuta wamba, nkhani ndi yopepuka: katswiri wokhala patsogolo pa makinawo ndi kiyibodi ndi sikirini akhoza kuika password ya root yatsopano popanda kufufuta kanthu. Apa ndi pamene kutseguka kwa pulogalamu kumaonetsa phindu lake.

Zikakanika zonse ndipo reset ndiyo yatsala, yendani foni ndi foni mukulemba nambala yake, dzina ndi MAC address (nambala yapadera ya chipangizocho yolembedwa pansi pake), jambulani uthenga wolandira alendo ndi foni ya m'manja, ndipo pemphani okupatsani laini akutumizireni zolumikizira zatsopano musanadine.

Ngati woikayo alipo koma akungokana dala kupereka password ya katundu amene munalipira, m'lembereni kalata. Ikapanda kuyankhidwa, kadandauleni ku Competition and Consumer Protection Commission.

Ndagula mafoni a patebulo ogwiritsidwapo kale ntchito, otchipa. Ndikawachita reset akubwereranso ku kampani ina. Chikuchitika n'chiyani?

Mafoni ambiri amakono, akangoyaka ali atsopano kapena atachitidwa reset, amayamba afunsa seva ya kampani imene inawapanga kuti "ndine wa ndani?" Yealink imatcha njira imeneyi RPS, Poly imati ZTP, Grandstream ili ndi yakenso. Cholinga chake n'chabwino: mmisiri amalembetsa MAC address ya foni, n'kuitumiza pa basi ku Petauke, ndipo ikangolumikizidwa imadzikonza yokha. Koma ngati mwini wake wakale ku Johannesburg kapena ku London sanaichotse pa akaunti yake, foniyo ipitiriza kuthawira kwa iye, ndipo kawirikawiri imatenganso password yake n'kukutsekerani kunja.

Njira yoongoka ndi yakuti wogulitsayo kapena mwini wakale aichotse, kapena mutumize chithunzi cha MAC address ndi risiti kwa opanga foni. Musanagule ambiri, gulani imodzi, muichite reset ili pa intaneti, muone kumene ikuthawira.

Chenjeraninso ndi mafoni a Cisco a mitundu ya 7800 ndi 8800. Amabwera pawiri: ena anapangidwira makina a Cisco okha, ena amalankhula ndi PBX iliyonse, ndipo kusintha oyambawo kumafuna laisensi. Kunja amaoneka chimodzimodzi. Mafoni a Sangoma amagwira pa PBX ina iliyonse ya SIP (njira imene mafoni otere amalankhulirana ndi PBX), koma mabatani ena apadera amagwira pa makina a Sangoma okha.

Chimachitika n'chiyani laisensi ikatha, kapena kampani yopanga pulogalamu ikagulidwa?

Za laisensi zimasiyana. Ena makina amapitiriza kugwira koma maupdate amaleka. Ena amazimitsa zina, monga pulogalamu ya pa foni ya m'manja. A pa cloud amangodula. Auzeni akulembereni papepala chimene chidzachitike tsiku lotsatira laisensi itatha.

Za kugulidwa, zinachitikapo kale kawiri konse kwa anthu amene ankaganiza kuti ali pabwino. trixbox, PBX yaulere yomangidwa pa Asterisk, inayamba ndi dzina la Asterisk@Home, inatengedwa ndi kampani ya Fonality mu 2006, ndipo pofika 2012 mtundu wake waulere unasiyidwa, n'kutsala wolipira. Elastix, PBX inanso yomangidwa pa Asterisk, imene inachokera ku Ecuador kwa PaloSanto Solutions, inali yokondedwa kwambiri ndi amisiri a m'maiko osauka, kuphatikizapo kuno kwathu. Mu December 2016 dzina lake linapita kwa 3CX, ndipo Elastix 5 inatuluka ilibe Asterisk m'kati, ili pulogalamu yotseka ya 3CX.

Koma taonani chimene chinatsatira. Popeza source code ya Elastix yakale inali poyera, anthu ena anaitenga n'kupitiriza nayo pa dzina la Issabel, ndipo ilipo mpaka lero. Amene anali ndi password ya root ya makina awo anasamuka ndi maextension awo. Amene anali ndi bokosi lokhomedwa lomangidwa pa Elastix yomweyo sanapindule kanthu ndi ufulu umenewo, chifukwa analibe polowera.

Nambala yathu ya 0216 ndi ya ndani? Nanga tingaike masimu m'makina?

Manambala onse a dziko lino amayang'aniridwa ndi ZICTA, imene imawagawira makampani a mafoni, ndipo inu mumabwereka kwa iwo. Chofunika ndi dzina limene lili pa pangano. Ngati woika makina analembetsa laini pa dzina la kampani yake kuti "akupeputsireni ntchito," nambala imene mwasindikiza pa chikwangwani, pa malisiti ndi pa chitseko cha galimoto ili m'manja mwake. Pitani nokha ku Zamtel kapena kwa aliyense wokupatsani laini, ndi mapepala a PACRA olembetsera kampani yanu, mukaone kuti akaunti ili pa dzina la ndani.

Masimu a MTN, Airtel kapena Zamtel amalowa m'kachipangizo kotchedwa GSM gateway, ndipo maofesi ambiri kuno amachita zimenezi chifukwa makasitomala amakonda kuimba nambala ya m'manja ya netiweki yawo. Masimuwo alembetsedwe pa dzina la kampani, chipangizocho chikhale chovomerezedwa ndi ZICTA, ndipo funsani eni netiweki ngati phukusi limene mwasankha likulola. Munthu akabwera n'kukuuzani kuti adzakulipirani mukam'lola kudutsitsa mafoni ochokera kunja kwa dziko pa masimu anu, m'kaneni. Umenewo ndi mlandu.

Onetsetsaninso kuti malamulo oimbira akulola manambala a pangozi 991, 993 ndi 112 pa foni iliyonse, ngakhale ya mlonda imene yaletsedwa kuimba kunja.

Malaiti akapita kapena intaneti ikaduka, mafoni agwira?

Chaka cha 2024 chinatiphunzitsa tonse, pamene chilala chinaphwetsa Kariba ndipo ZESCO inkazimitsa malaiti maola ochuluka pa tsiku. Mafoni a patebulo ambiri amalandira moto pa waya wa netiweki kuchokera ku PoE switch, ndiye zofunika kuika pa inveta ndi zochepa: PBX, switch, rauta ndi GSM gateway ngati muli nayo. Batire limodzi labwino ndi sola yaing'ono zimakwanira ofesi yaing'ono, bola wina asalumikizepo ketulo kapena fotokope.

Intaneti ikaduka, bokosi lokhala mu ofesi mwanu limapitiriza kulumikiza anthu a m'kati, ndipo ngati pali GSM gateway mafoni akunja amalowabe. PBX ya pa cloud imafa yonse: mlendo wa m'chipinda 6 pa loji ya ku Mfuwe sangaimbire ngakhale ku risepishoni, pamtunda woti akhoza kungokuwa. Starlink, imene inafika m'dziko muno mu 2023, yathandiza malo akutali, komabe kwa ife bokosi la pamalopo ndilo loyenera chigawo chino.

Mawu sadya data yambiri. Foni imodzi pa njira yotumizira mawu yotchedwa G.711 imafuna pafupifupi 87 kbps mbali iliyonse, kutanthauza 1.3 MB pa mphindi mukaphatikiza mbali zonse ziwiri, ndipo njira ina, G.729, imadya yochepera theka la imeneyo. Chimene chimadula mawu si kuchepa kwa liwiro koma kusakhazikika kwa laini, makamaka wina akamatsitsa mavidiyo pa Wi-Fi yomweyo.

Tikadziikira tokha FreePBX kapena Issabel, akuba satilowera?

Akhoza, ndipo izi musazitenge mopepuka. Pa intaneti pali makompyuta amene usiku ndi usana amangogogoda pa port 5060, khomo la SIP, kuyesa extension 100 ndi password 100, kenako 101 ndi 101. Akalowa amadikira Lachisanu madzulo, n'kuyamba kuimba manambala odula a maiko akutali mpaka Lolemba m'mawa. Bilu imabwera pa dzina lanu.

Kudziteteza sikufuna ndalama zambiri. Tsamba la admin lisaonekere pa intaneti; wofuna kulowa ali kutali adzere pa VPN, njira yobisika yolowera pa netiweki ya ofesi. Password ya extension iliyonse ikhale yaitali, yopangidwa ndi makina. Yatsani fail2ban, imene imatsekera kunja aliyense wolakwitsa kangapo. Tsekani mafoni onse opita kunja kwa dziko, mutsegule okhawo amene mumawafunadi. Kuno ambiri amangofuna +265 chifukwa cha malonda a ku Mchinji ndi ku Lilongwe kudzera pa Mwami, ena +258 ya ku Mozambique.

Musaganize kuti bokosi lotseka ndiye lotetezeka lokha. Mu March 2023 pulogalamu ya 3CX ya pa kompyuta inafika kwa makasitomala ili ndi kachilombo koikidwa ndi akuba amene analowa m'makina a kampaniyo. Mu August 2025 Sangoma inachenjeza za bowo mu FreePBX limene akuba ankalowerapo pa makina amene tsamba la admin linali poyera. Onse amagwidwa. Kusiyana kwake n'kwakuti pa bokosi lokhomedwa limene eni ake analeka kulisamala, bowo likapezeka palibe angalitseke.

Tikufuna kujambula zokambirana ndi makasitomala. N'zololedwa?

Mawu a munthu ndi nambala yake zili pansi pa Data Protection Act ya 2021. Muuzeni woimbayo poyamba kuti mukujambula ndiponso chifukwa chake, ndipo uthengawo ukhale m'Chinyanja komanso m'Chingelezi kuti mlimi wa ku Vubwi aumve. Lamulo lomweli lili ndi gawo lonena zosunga zinthu zotere pa makina a m'dziko muno, ndiye wokugulitsani cloud akuuzeni seva yake ili dziko liti. A kiliniki asamale koposa, pakuti nkhani za matenda lamulo limaziteteza mwapadera. Kumbukiraninso kuti amene ali ndi password ya root akhoza kumvetsera zonse zimene zajambulidwa.

Tifunse chiyani tisanalipire?

Safunsa anadya phula. Funsani kuti m'kati muli pulogalamu yanji. Funsani ngati tsiku lomaliza ntchito adzakupatsani password ya admin ndi ya root zolembedwa, ndipo muziyese pamaso pake asanakwere galimoto. Laisensi, akaunti ya kwa opanga bokosi ndi laini zilembedwe pa dzina la kampani yanu ndi imelo ya kampani, osati Gmail ya mmisiri. Muuzeni akusonyezeni kuonjezera extension imodzi, muone ngati pakufunika kulipira. Funsani ngati foni ya mtundu wina ingagwire, ndiponso ngati mndandanda wa maextension ndi mbiri ya mafoni zingatuluke m'fayilo imene Excel imatsegula.

Ndalama yomaliza isatuluke zonsezi zisanachitike. Mmisiri woona mtima sakwiya ndi mafunso amenewa. Ena amati akakupatsani root ndiye kuti chitsimikizo chatha ngati mwasintha zinthu nokha. Zimenezo n'zomveka, lembani m'pangano, envulopu ikhale yomata mpaka tsiku lofunika.

Tili ndi Elastix yakale ndipo ikugwira bwinobwino. Tiisiye choncho kapena tisamuke?

Samukani, koma mosathamanga. Elastix 4 inamangidwa pa Linux ya mtundu wa CentOS 7, imene inaleka kulandira maupdate kumapeto kwa June 2024, ndipo Elastix za m'mbuyo mwake zili pa CentOS yakale kuposa pamenepo. Pakali pano ichotseni pa intaneti monga tanenera pa funso la akuba, ndipo koperani zonse pa disiki ina, chifukwa hard disk ya zaka zimenezo ikhoza kugona tsiku lililonse.

Kopita kulipo. Issabel ndi imene antchito anu adzaione ngati yozolowereka. FreePBX 17 inasamukira pa Linux ya mtundu wa Debian 12. Chinthu chimodzi chimene mmisiri wanu ayenera kudziwa n'chakuti njira yakale yolumikizira mafoni, chan_sip, inachotsedwa mu Asterisk 21 mu 2023, ndipo yotsala ndi PJSIP. Choncho kungotsanulira backup yakale m'makina atsopano sikukwanira. Laini ya kunja ndi GSM gateway ziyenera kukonzedwanso ndi kuyesedwa chimodzichimodzi, ndipo mafoni ena akale kwambiri amafuna update kuti alembetse.

Ikani makina atsopano pambali pa akale, musamutse mafoni awiri kapena atatu a anthu oleza mtima, muwayese sabata yathunthu: kuimba kunja, kulandira, kupatsirana foni, ndi kuzima kwa malaiti. Musasamuke nthawi yogula mbewu ngati ndinu a zaulimi, kapena pakati pa June ndi October ngati ndinu a loji. Tsiku losamutsa onse likhale Loweruka masana, ndipo bokosi lakale likhale m'kabati mwezi wathunthu, lozimitsa koma mawaya ake olembedwa, kuti chikavuta Lolemba m'mawa mubwezeretse pa mphindi zochepa.